Instance Scheduler ya AWS: maseva oyesera akamagona usiku, bilu imatsika bwanji?

Mlungu uli ndi maola 168. Gulu la opanga mapulogalamu lomwe limalowa ntchito 7 koloko m'mawa n'kuweruka 7 koloko madzulo, Lolemba mpaka Lachisanu, limagwiritsa ntchito maola 60 okha. Maola 108 otsalawo maseva a dev ndi a test, opangira ndi kuyesera mapulogalamu, amangoyaka popanda wowakhudza, uku mita ya AWS (Amazon Web Services, komwe makampani amabwereka maseva pa intaneti) ikuwerenga sekondi ndi sekondi. Instance Scheduler on AWS ndi chida chomwe Amazon inakonza kuti chidule maola amenewo. Anthu akaweruka chimazimitsa maseva, m'mawa chimawayatsa anthu asanafike. Ntchito yake chimagwiradi, ndipo kampani yomwe ili ndi maseva oyesera oposa khumi n'kumawasiya akuyaka usiku wonse ikutaya ndalama dala. Koma ndalama yopulumuka siifika pomwe ambiri amayembekeza akawerengera pa pepala, ndipo pali misampha ingapo yomwe imakola pafupifupi aliyense mlungu woyamba.

Chidachi simungachipeze pa console ngati batani longodina. Ndi template ya CloudFormation, fayilo yofotokoza zinthu zoti AWS ipange, yomwe mumaiika nokha mu akaunti yanu, ndipo zonse zomwe imapanga pamodzi zimatchedwa stack. Ikamaliza imakusiyirani Lambda (pulogalamu yaing'ono yoyenda popanda seva yanu), matebulo a database ya DynamoDB osungira ndondomeko ndi mmene seva iliyonse inalili, komanso lamulo la EventBridge lomwe limadzutsa Lambda ija pa mphindi zisanu zilizonse mukapanda kusintha. Pulogalamuyo ndi yaulere, code yake ili poyera pa GitHub. Mumalipira Lambda, DynamoDB ndi CloudWatch (yosunga malogi) basi, ndalama yochepa poyerekeza ndi seva imodzi yapakati yoyaka mwezi wathunthu. Kuipa kwake n'kwakuti chidacho chimasanduka katundu wanu. Version yatsopano ikatuluka palibe amene adzakusinthireni. Chikalephera kuyatsa seva chimalemba mu log n'kutumiza uthenga ku SNS topic, njira yotumizira mauthenga yomwe chinadzipangira, koma ngati simunalembetse imelo ya munthu pa topic imeneyo, uthengawo ugwera pansi. Lembetsani tsiku lomwelo lomwe mwaika stack.

Kagwiridwe kake kamazungulira pa zinthu zitatu. Period ndi nthawi yomwe seva iyenera kukhala yoyaka: ola loyambira, ola lothera ndi masiku. Schedule ndi period imodzi kapena zingapo zomangidwa pamodzi, kuphatikiza time zone. Chachitatu ndi tag yomwe mumamata pa seva: dzina lake ndi Schedule, ndipo mkati mwake mumalemba dzina la schedule yomwe mukufuna. Seva yopanda tag imeneyi, Scheduler siikhudza. Ndi scheduler-cli, chida cholembera malamulo (CLI), zimaoneka chonchi:

scheduler-cli create-period --name maola-a-ntchito --begintime 07:00 --endtime 19:00 --weekdays mon-fri --stack Scheduler

scheduler-cli create-schedule --name dev-ofesi --periods maola-a-ntchito --timezone Africa/Blantyre --stack Scheduler

Kenako seva iliyonse ya dev imalandira tag ya Schedule yolembedwa dev-ofesi. Zilembo zazikulu ndi zazing'ono zimasiyana: wina akalemba schedule ndi s wamng'ono, kapena Dev-Ofesi m'malo mwa dev-ofesi, seva ija ipitiriza kuyaka usana ndi usiku, ndipo adzazindikira ndi wowerenga bilu kumapeto kwa mwezi. N'chifukwa chake tag isamamatidwe ndi manja. Iikeni mu Terraform kapena CloudFormation yomwe imapanga maseva, ndipo ngati muli ndi AWS Organizations, gwiritsani ntchito tag policy kuti ivomere mayina okhawo omwe alipodi. Ma schedule nawonso angathe kulembedwa mu CloudFormation m'malo mwa CLI, ndipo njira imeneyo ndiyo yabwino kwa kampani yaikulu, chifukwa kusintha kulikonse kumadutsa mu Git n'kuonedwa ndi munthu wina.

Time zone musaisiye poti pali kale. Mukapanda kutchula, imatenga ya stack yonse, yomwe imayamba ili UTC. Kwa gulu la ku Lilongwe, Lusaka kapena Johannesburg, lomwe lili maola awiri patsogolo pa UTC, 07:00 ija isanduka 9 koloko, anthu n'kukhala manja lende maola awiri. Gulu lomwe ena ali ku London limafuna schedule yakeyake ya Europe/London, popeza kumeneko mawotchi amasintha kawiri pa chaka pomwe kuno sasintha. Chinanso: period siingadutse pakati pa usiku. Ngati oyesa akugwira kuyambira 18:00 mpaka 02:00, mumalemba ma period awiri, wina wothera 23:59 ndi wina woyambira 00:00, ndipo Scheduler imawaona ngati olumikizana, siizimitsa seva pakatipo.

Masamu ake enieni

Tiyeni titenge malo oyesera a maseva khumi a m5.xlarge, Linux, mtengo wa On-Demand (wolipira zomwe mwagwiritsa ntchito popanda lonjezo) m'dera la us-east-1 ku America, womwe ndi $0.192 pa ola. Onse khumi ndi $1.92 pa ola. AWS imawerenga mwezi ngati maola 730, ndiye akayaka osazima amadya pafupifupi $1,402. Pa ndondomeko ya maola 60 pa mlungu, mwezi umakhala ndi maola pafupifupi 261, ndipo ndalama imatsika kufika pa $501. Zapulumuka $900, kapena 64 peresenti. Mukafupikitsa kufika maola 50 pa mlungu mufika pa 70 peresenti yomwe AWS imakonda kutchula.

Koma bilu ya malo oyesera si maseva okha. Seva ikazima, disiki yake ya EBS imalipiridwabe yonse. Madisiki khumi a gp3 a 100 GB iliyonse pa $0.08 pa GB ndi $80 pa mwezi, kaya seva yayaka kaya ayi. NAT Gateway, khomo lomwe maseva amatulukira kupita pa intaneti, ilibe batani lozimitsira: $0.045 pa ola, kutanthauza $32.85 pa mwezi, ndipo ambiri amaika ziwiri chifukwa anakopera mapulani a production, malo enieni omwe makasitomala amagwiritsa ntchito, ndiye $65.70. Application Load Balancer, yomwe imagawira maseva anthu olowa, imadya $0.0225 pa ola ngakhale pasadutse munthu, pafupifupi $16.43. Kuyambira pa 1 February 2024, adiresi iliyonse ya public IPv4 imalipiridwa $0.005 pa ola, $3.65 pa mwezi. Ma NAT awiri ndi load balancer ya ma zone awiri (zone ndi malo apaokha a makina m'dera limodzi) ndi ma adiresi anayi, $14.60. Zonsezi pamodzi ndi pafupifupi $177 yomwe Scheduler singaikhudze n'komwe. Bilu yonse inali $1,579, tsopano ndi $678. Kutsika kwake ndi 57 peresenti, osati 64, ndipo apa sitinaikemo database, cache kapena malogi. Pa malo omwe maseva ndi aang'ono, monga ma t3.medium a $0.0416 pa ola, zinthu zosazima zija zimatha kuposa maseva eni ake akayamba kuzima usiku, kupulumutsa n'kutsika pansi pa theka.

Izi sizikuchepetsa phindu la chidachi. $900 pa mwezi ndi ndalama, makamaka kwa kampani ya ku Malawi yomwe imapeza makwacha koma bilu n'kumabwera m'madola, madola omwe amavuta kuwapeza ku banki. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, bilu ya cloud inakwera m'makwacha popanda seva ngakhale imodzi kuwonjezeka. Amene anasankha dera la af-south-1 ku Cape Town, lomwe linatsegulidwa mu 2020, amalipiranso mitengo yokwererapo kuposa ya ku us-east-1, choncho ola lililonse lodulidwa limabweza zambiri. Chofunika n'chakuti pouza akuluakulu a zachuma zomwe zipulumuke, muwerengere bilu yonse, musawalonjeze 70 peresenti. Maseva a Windows ndi ma database a SQL Server omwe laisensi yake ili m'kati mwa mtengo wa pa ola ndiwo amabweza kwambiri, chifukwa akazima laisensi nayo imaima kuwerengedwa. Yambirani amenewo.

Munthu akayatsa seva ndi manja

Apa ndi pomwe chidachi chimasokoneza anthu kwambiri, ndipo mpomwe ndalama zambiri zimabwereranso m'madzi. Mwachibadwa Scheduler siimangoyang'ana wotchi n'kukakamiza seva kuti itsatire. Imachita kanthu pokhapokha nthawi yosinthira ikakwana. Tinene kuti Lachisanu 9 koloko usiku wopanga pulogalamu wakumbukira kuti sanayese kanthu kena, walowa mu console n'kuyatsa seva yomwe inazima 7 koloko. Wamaliza 10 koloko, waiwala kuzimitsa. Scheduler siiizimitsa. M'kaundula wake seva ija inazimitsidwa kale, ndipo nthawi ina yozimitsira ndi Lolemba 19:00. Seva iyaka Loweruka lonse ndi Lamlungu lonse.

Mankhwala ake ndi enforced. Schedule ikakhala enforced, seva yoyatsidwa kunja kwa nthawi imazimitsidwa Lambda ikangodzuka, pasanathe mphindi zisanu, ndipo yozimitsidwa m'kati mwa nthawi ya ntchito imayatsidwanso. Ndalama imatetezeka, koma munthu yemwe ali ndi ntchito yeniyeni usiku amakwiya, ndipo wokwiya amachita chinthu chimodzi chodziwika: amachotsa tag. Tag ikachoka siibwerera yokha. Choncho enforced isayende yokha, pafunika khomo lovomerezeka lotulukira. Njira yomwe imagwira bwino ndi kukhala ndi schedule yachiwiri, mwachitsanzo dev-usiku, yomwe imatha 23:59, munthu n'kusintha tag kupita kumeneko, ndipo pipeline ya Terraform, ntchito yoyenda yokha, ikayenda m'mawa imabwezera tag yakale.

Palinso retain_running, yomwe imati seva ikayatsidwa ndi manja period isanayambe, isazimitsidwe period ikatha. Pa malo oyesera imeneyi ndi yoopsa. Munthu wolawirira tsiku limodzi amasiya seva ikuyaka mpaka wina adzaizimitse. Ndipo stop_new_instances, yomwe imabwera ili yoyatsa kale, imazimitsa seva yatsopano ikangoonedwa koyamba kunja kwa nthawi. Pipeline ikapanga seva 8 koloko usiku n'kuyamba kuikamo mapulogalamu, Scheduler ingathe kuizimitsa ntchito ili pakati, pipeline n'kulephera ndi uthenga wosamveka wa SSH.

Ndondomeko yomwe timaiona kuti ndi yopindulitsa kuposa zonse pa maseva a munthu mmodzimmodzi ndi ya endtime yokha, yopanda begintime. Scheduler imazimitsa 19:00 tsiku lililonse koma siiyatsa; mwini wake amayatsa yekha akaifuna. Seva ya munthu yemwe ali pa tchuthi, kapena ya polojekiti yomwe inatha miyezi itatu yapitayo, imangokhala chizimire. Pakatha mwezi, mndandanda wa maseva omwe sanayatsidwepo ndi mndandanda wa maseva oyenera kufufutidwa, madisiki awo omwe.

Zomwe zimasweka Lolemba m'mawa

Vuto lotchuka kwambiri ndi la KMS, chosungira makiyi otsekera data. Ngati disiki ya seva inatsekedwa ndi kiyi yanu ya KMS, role ya Scheduler (zilolezo zomwe imagwirira ntchito) imafunika chilolezo cha kms:CreateGrant pa kiyi imeneyo. Chikasowa, kuzimitsa kumayenda bwinobwino, koma m'mawa seva imaonetsa pending kwa masekondi ochepa n'kubwerera pa stopped. Kwa Lambda lamulo linatumizidwa ndipo linalandiridwa, ndiye m'malogi ake simuoneka cholakwika chachikulu. Chifukwa chenicheni mumachipeza pa state transition reason ya seva kapena mu CloudTrail. Ma version atsopano ali ndi malo olemberapo ma ARN (mayina athunthu a mu AWS) a makiyi poika stack. Lembani mu akaunti iliyonse, ndipo ngati kiyi ili mu akaunti ina, key policy yake nayo ivomere role imeneyo.

Lachiwiri silichokera kwa Scheduler koma kwa maseva omwe sanazimepo chipangidwire. Wina anayatsa service ndi manja chaka chatha osachita systemctl enable. Container ya Docker inayendetsedwa popanda restart policy. Disiki yachiwiri inamangidwa ndi mount koma siinalembedwe mu fstab, kapena inalembedwa ndi dzina ngati nvme1n1, lomwe pa maseva a Nitro limatha kusinthana ndi la disiki ina seva ikayakanso. Lembani ndi UUID. Zonsezi zimabisala mpaka tsiku loyamba lozimitsa. Musanamate tag pa seva iliyonse, izimitseni ndi kuiyatsa nokha masana, mwini wake ali pomwepo, muone ngati pulogalamu yadzuka yokha. Ntchitoyi ndi yotopetsa, koma ndi yomwe imasiyanitsa gulu lomwe lisunge Scheduler ndi lomwe liichotse pakatha masiku atatu. Ilinso ndi phindu lina: seva yosatha kudzuka yokha ndi vuto lomwe likanadzaonekera pa production tsiku loipa.

Scheduler siidziwa kuti pulogalamu imadalira database. Mukapatsa zonse schedule imodzi, seva ya EC2 imadzuka pa mphindi imodzi kapena ziwiri, pomwe database ya RDS imatenga mphindi zingapo, nthawi zina zambiri ndithu. Pulogalamu imayesa kulumikiza, imalephera, n'kufa. Pangani ma schedule awiri: database iyake 06:30 n'kuzima 19:15, maseva ayake 07:00 n'kuzima 19:00. Ikaninso Restart=on-failure mu systemd.

Adiresi ya public IP yomwe AWS inangopereka yokha imachoka seva ikazima, ndipo m'mawa imabwera ina. Chilichonse chomwe chinalembedwa ndi adiresi yakale, kaya DNS, kaya mndandanda wa ololedwa pa firewall ya banki yomwe mukuyesa nayo malipiro, chimaduka. Private IP siisintha. Elastic IP imathetsa vutoli koma imalipiridwa ngakhale seva itazima. Data ya pa instance store, madisiki a m'kati mwa makina omwe amabwera ndi mitundu ngati m5d kapena i3, imafufutika seva ikazima, ndipo siibwerera. Yang'anani mtundu wa seva musanamate tag.

Pali limodzi lomwe silichitika kawirikawiri koma likachitika limaimitsa ntchito: InsufficientInstanceCapacity. Seva ikazima, malo ake pa makina a AWS amaperekedwa kwa ena. M'mawa, ngati mtundu umenewo watha mu availability zone imeneyo, seva siiyaka. Zimakonda kugwira maseva a GPU ndi akuluakulu kwambiri. Pa maseva otere, khalani ndi mtundu wachiwiri womwe mukudziwa kuti pulogalamu imayenda nawo.

Maseva a mtundu wa t2 amataya ma CPU credit (mphamvu yomwe amasunga kuti adzathamange nayo) onse akazima, pomwe ma t3 amawasunga masiku asanu ndi awiri. Seva ya t2 yomwe imachita build m'mawa idzaoneka yaulesi kuposa kale. Isamutsireni ku t3. Ndipo kumbukirani ntchito za usiku: cron ya 2 koloko, mayeso aatali, kuika ma patch, backup ya m'kati mwa seva. Scheduler siifunsa ngati pali ntchito ikuyenda, 19:00 ikakwana imazimitsa. Za ma patch ingathe kulumikizidwa ndi maintenance window ya Systems Manager kuti iyatse seva nthawi imeneyo. Zina zonse muzisamutse nokha kapena muzipatse period yawo. Ma alamu nawo muwauze, apo ayi foni ya wa pa duty izilira 7 koloko madzulo aliwonse mpaka adzaleke kuimvera.

RDS ili ndi malamulo ake

Database ya RDS ikaimitsidwa, mumasiya kulipira maola a makina koma storage, provisioned IOPS ndi ma backup zimalipiridwabe. Lamulo lalikulu n'lakuti RDS siingakhale chiimire kupitirira masiku asanu ndi awiri. Akakwana, AWS imaiyatsa yokha kuti isaphonye zokonza. Pa ndondomeko ya tsiku ndi tsiku izi sizikukhudzani. Zimaluma pa tchuthi cha December, kapena pa database ya polojekiti yomwe yaima kaye: mumaganiza kuti ili chigonere, pomwe inadzuka mlungu wachiwiri. Database yomwe siifunika kwa mwezi, itengereni snapshot n'kuifufuta. Kubwezeretsa kumatenga nthawi, koma snapshot ndi yotchipa kuposa storage yamoyo.

Database yomwe ili ndi read replica (kope longowerengera), kapena yomwe ndi replica, siingaimitsidwe, chimodzimodzi SQL Server ya Multi-AZ (yokhala ndi kope mu zone ina). Funso loyenera apa ndi lakuti replica ndi Multi-AZ zikufunanji pa dev. Multi-AZ imachulukitsa mtengo pafupifupi kawiri, ndipo malo amodzi okha, staging yoyesera failover, ndiwo amaifunadi. Backup ya RDS siichitika database ili chiimire, ndiye ngati backup window ili 3 koloko usiku, isunthireni m'maola a ntchito. Kwa omwe ali pa Aurora, kuyambira kumapeto kwa 2024 Aurora Serverless v2 imatha kutsika mpaka ziro ACU (muyeso wa mphamvu yake) n'kugona yokha pakakhala palibe wolumikiza. Pa database ya dev yomwe imagwiritsidwa ntchito mwa apo ndi apo, imeneyo imaposa Scheduler, bola pasakhale connection pool kapena chida cha monitoring chomwe chimaigwira osaisiya.

Seva ya mu Auto Scaling group, gulu lomwe limaonjezera ndi kuchotsa maseva lokha, musaimate tag ngati seva wamba. Ikazimitsidwa, gululo limaiona ngati yodwala, limaifufuta n'kupanga ina. Kuyambira version 3, yomwe inatuluka mu 2024, Scheduler imadziwa ma Auto Scaling group: tag imaikidwa pa gulu lenilenilo, ndipo usiku min, desired ndi max zimatsitsidwa kufika ziro. Pa Kubernetes, yoyendetsa ma container pa gulu la maseva (ma node), nkhani ndi yovutirapo. Ma node angatsike, koma control plane ya EKS (Kubernetes ya AWS), gawo lolamulira cluster, imadya $0.10 pa ola, $73 pa mwezi, ndipo cluster yotsalira pa version yakale yomwe yalowa extended support imadya $0.60 pa ola, kuchulukitsa kasanu ndi kamodzi. Makampani omwe amapatsa gulu lililonse cluster yake ya dev apindula kwambiri pophatikiza ma cluster n'kugawana ndi ma namespace kuposa pozimitsa ma node.

Musanayatse Scheduler, funsani a zachuma funso limodzi: kodi tinagula Savings Plans kapena Reserved Instances? Savings Plan ndi lonjezo lolipira ndalama yakutiyakuti pa ola lililonse kwa chaka chimodzi kapena zitatu. Ola lomwe simunagwiritse ntchito limapita, silisungidwa kuti lidzathandize mawa. Ngati lonjezolo linawerengedwa maseva a dev akuyaka usiku wonse, kuwazimitsa kumangosiya lonjezo lopanda kanthu, bilu osasuntha. Yang'anani utilization report mu Cost Explorer. Dongosolo loyenera ndi kuzimitsa kaye, kuchepetsa maseva okula mopitirira, kudikira mwezi, kenako n'kugula lonjezo lokwanira zomwe zimayaka usiku ndi usana.

Zotsala zija, zomwe sizizima, zimafuna dzanja lanu. NAT Gateway imodzi ikwanira pa dev. Gateway endpoint ya S3 ndi ya DynamoDB ndi zaulere, ndipo zimachotsa data imeneyo pa NAT pomwe GB iliyonse imalipiridwa $0.045. Madisiki a gp2 a $0.10 pa GB asinthireni ku gp3 ya $0.08, zimatheka seva ikuyaka. Log group ya CloudWatch imabadwa yosunga malogi mpaka kalekale. Pa dev masiku 14 akwana. Load balancer imodzi ingatumikire mapulogalamu ambiri pogwiritsa ntchito host-based routing. ElastiCache ndi OpenSearch sizingaimitsidwe, ndiye ziyenera kukhala zazing'ono kapena zogawana. Payokhapayokha ndi tindalama tochepa, koma pang'onopang'ono ndi mtolo, makamaka mukachulukitsa ndi maakaunti makumi awiri.

Ndani achitenge

Mphamvu yeniyeni ya Instance Scheduler ili pa maakaunti ambiri. Mumaika stack yaikulu mu akaunti imodzi, stack yaing'ono mu akaunti iliyonse ya gulu, ndipo ma schedule onse amakhala malo amodzi, akugwira m'madera onse omwe mwatchula. Ndi StackSets, akaunti yatsopano imalandira stack yake ikangolowa. Af-south-1 ndi dera lomwe limafuna kutsegulidwa mu akaunti iliyonse, yaikulu ija yomwe, musaiwale. Kwa kampani ya magulu ambiri, ya EC2, RDS ndi Auto Scaling zosakanikirana, chida ichi n'choyenera, ndipo palibe chifukwa cholembera Lambda yanuyanu yomwe idzasiyidwa yemwe anailemba akachoka.

Ngati muli ndi akaunti imodzi ndi maseva asanu a EC2, n'chachikulu mopitirira. Resource Scheduler ya mu Systems Manager Quick Setup, kapena malamulo awiri a EventBridge Scheduler oitana StopInstances ndi StartInstances, zikwanira. Ndipo ngati malo anu oyesera amamangidwa onse ndi Terraform n'kutha kuima pa mphindi makumi awiri, kuzimitsa n'kochepa: agwetseni onse madzulo, NAT, load balancer ndi madisiki omwe, ndipo ma runner a CI, maseva ochita build ndi mayeso okha, muwaike pa Spot, yomwe imatsika mtengo kwambiri posinthana ndi chenjezo la mphindi ziwiri seva isanalandidwe. Scheduler ndi ya malo omwe sangagwetsedwe, a data yoyesera yomwe inatenga milungu kuikonza, a mapulogalamu akale oikidwa ndi manja, ndipo m'makampani akuluakulu malo otere ndiwo ambiri.

Chofooka chake chachikulu n'chakuti chilibe nkhope yoti wopanga pulogalamu wamba aone seva yake izima liti, kapena apemphe maola awiri owonjezera. Zonse ndi tag, DynamoDB ndi CLI. Dashboard yake ya CloudWatch imaonetsa maola omwe apulumuka, osati madola. Kuti muone madola, pitani ku Billing, yatsani tag ya Schedule ngati cost allocation tag, dikirani mpaka maola 24 kuti ioneke, kenako mu Cost Explorer sankhani maakaunti a dev, gawani ndi tag imeneyo, muyang'ane mzere wa zinthu zopanda tag. Yerekezani ndalama ya Lamlungu ndi ya Lachitatu. Ya Lamlungu ikaposa gawo limodzi mwa magawo atatu a ya Lachitatu, tsegulani mzerewo ndi usage type, muyambe ndi dzina lomwe lili pamwamba.